Bambo a ana akufuna tisamukire ku Australia, ine mtima uli pawiri

Funso: "Ndine mayi wa zaka 38. Kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala ku Leeds kuno zaka 14, ndipo ndine nesi m'chipatala cha boma. Amuna anga ndi mzungu wa konkuno, ali ndi zaka 41, amagwira ntchito ya zamagetsi. Tili ndi ana awiri obadwira kuno, mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 7. Chisamukireni mnzawo wa kuntchito kupita ku Perth ku Australia, bambo a ana sakamba nkhani ina. Akuti Britain yatha, tigulitse nyumba tizipita, ana akakulire padzuwa. Nanenso ndatopa ndi kuzizira, mabilu ndi ntchito yosapumira, koma ndinasamukapo kale kamodzi ndipo kuwawa kwake ndikukudziwa. Ndili ndi ILR (chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale), pasipoti ndikadali ndi ya Malawi. Apongozi anga ali ndi zaka 74 ndipo amakhala okha. Kodi ndivomere? Ndikakana, si ndiye kuti ndikutsekereza mwayi wa ana anga?" Mayi wa ana awiri, Leeds.

Yankho: Mayi, zikomo potilembera, ndipo mtima ukhale m'malo. Kukayika kwanuko si kuuma mtima, komanso maganizo a bambo a kunyumbawo si misala. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza mabanja okonzekera kusamuka, pafupifupi banja lililonse limakhala ndi mmodzi amene mumtima ananyamuka kale, ndi wina amene akadali kuwerengera zimene asiye. Onse awiri amafunika. Inuyo muli ndi chimene amuna anu alibe: munakhalapo mlendo. Mukudziwa mmene Lamlungu masana limatalikira m'dziko limene mulibe khomo loti mukagogode popanda kuimba foni.

Amuna anuwo akuyenda m'njira yopondedwa kale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, Australia inaona kuti ili ndi dziko lalikulu koma anthu ochepa, ndiye inayamba kuitana a ku Britain. Munthu wamkulu ankalipira £10 yokha pa ulendo wonse wa pa sitima ya pamadzi, ana ankakwera ulere. Anthu oposa 1 miliyoni anapita mwa njira imeneyi, ndipo mpaka lero amatchedwa Ten Pound Poms. Julia Gillard, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Australia mu 2010, anabadwira ku Barry ku Wales ndipo anapita ndi makolo ake mu 1966 ali kamwana. Koma nkhani imene sikambidwa kwambiri m'mabala a ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds, ndi yakuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anabwerera. Ambiri anafikira m'misasa ya nyumba za malata zotentha ngati uvuni, ndipo amene ankabwerera zaka 2 zisanathe ankayenera kubweza ndalama zonse za ulendo. Ena atabwerera ku Britain anapeza kuti nakonso sakukwanako, n'kupitanso. Ife a ku Malawi zimenezi si zachilendo. Tili ndi matchona athu amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury (Harare ya lero) akuti akakhala zaka ziwiri, n'kukafera komweko.

Zimene zikuwakankha amuna anu lero ndi zenizeni, musawatsutse pamenepo. Mu October 2022 kukwera mitengo kwa zinthu ku Britain kunafika pa 11.1 peresenti, ndipo mabilu a gasi ndi magetsi munawaona nokha. Mndandanda wa odikira chithandizo ku NHS, zipatala za boma, ku England unadutsa 7 miliyoni, ndipo inu monga nesi ndinu amene mumasenza katundu ameneyo. Khomo la ku Spain ndi France, kumene mabanja ambiri ankangonyamuka n'kukakhala, linatsekeka pa 31 December 2020 chifukwa cha Brexit, kutuluka kwa Britain m'mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, tsopano munthu wa ku Britain amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse ngati alibe viza. Nayo Australia sikubisa kuti ikufuna anthu ngati inu. Kumayambiriro kwa 2023 boma la Western Australia, dera limene kuli Perth, linatumiza nthumwi ku Britain ndi ku Ireland kudzakopa antchito pafupifupi 31,000, manesi, madokotala, aphunzitsi, apolisi ndi amisiri. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 900,000 obadwira ku England akukhala ku Australia. Manesi amene ndinawathandiza kupita ambiri amandiuza kuti malipiro ndi okwerako ndipo odwala pa nesi mmodzi ndi ochepako. Bwana amakuikiraninso ndalama za penshoni, zimene amati superannuation, zokwana 12 peresenti ya malipiro kuyambira July 2025. Moyo wabwinopo ulikodi kumeneko kwa mabanja ambiri.

Koma m'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene chandiimika: "Ndili ndi ILR, pasipoti ndikadali ndi ya Malawi." Mayi, nkhani yonse yagona pamenepa. Amuna anu ndi ana anu ndi nzika za Britain. Angakhale kunja zaka 30, tsiku limene adzafune kubwerera adzangotsika pa Manchester Airport n'kulowa. Inu ayi. Chilolezo chanu chokhala ku Britain mpaka kalekale chimafa chokha mukangokhala kunja zaka 2 zotsatizana. Palibe kalata imene imabwera kudzakuchenjezani. Ilipo viza ya munthu wobwerera, imene amati Returning Resident, koma muyenera kutsimikizira Home Office, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko, kuti mizu yanu ikadali ku Britain, ndipo munthu amene anagulitsa nyumba, n'kusiya ntchito, n'kutenga ana, zimamuvuta kutsimikiza zimenezo. Ikakanika imeneyo mumayambiranso pansi ngati mkazi wa nzika: amuna anu aonetse kuti amapeza £29,000 pachaka, mlingo umene unakwera kuchoka pa £18,600 mu April 2024, ndiponso kuti ntchito ikuwadikira ku Britain, apo ayi mukhale ndi £88,500 ku banki. Malipiro anu a unesi a ku Australia sawerengedwa pamenepa. Ndipo malamulo akungolimbirabe. Mu 2025 boma linalengeza maganizo otalikitsa nthawi yodikira ILR kwa anthu ambiri kuchoka pa zaka 5 kufika 10.

Ndinakhalapo pa foni usiku ndi mayi wina wa kwathu ku Africa amene anapita ndi amuna ake ku New Zealand ali ndi ILR ngati inu. Patatha zaka 4 bamboyo anadwala n'kumwalira. Agogo a ana, nyumba ya banja ndi anzake onse anali ku Midlands ku England. Ana anali ndi mapasipoti a Britain, akanatha kukwera ndege mawa lake. Mayi wawo, amene anagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba za ku England zaka 11 akulipira msonkho, ankafunika kupempha ngati munthu amene sanapondepo ku Britain. Mawu ake sindimawaiwala, anangoti palibe anandiuza. Ndiye ine ndikukuuzani: musakwere ndege musanatenge unzika wa Britain. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mwayi wake, njira yanu ndi yofewa kuposa ya ambiri. Popeza munakwatiwa ndi nzika, lamulo la unzika la 1981 limangofuna kuti mukhale mwakhala ku Britain zaka 3 zapitazi, muli ndi ILR, ndipo simunakhale kunja masiku oposa 270 pa zaka zitatuzo, kapena oposa 90 m'chaka chomalizachi. Mayeso a Life in the UK ngati munakhoza potenga ILR simubwerezanso. Chosangalatsa china n'chakuti anthu ena opempha unzika amayenera kuonetsa kuti akufuna kukhalabe ku Britain, koma wokwatiwa ndi nzika safunsidwa zimenezo, choncho maganizo a ku Perth sakutsekerani. Ndalama yake ndi yoposa £1,500, yankho limabwera nthawi zambiri m'miyezi 6, kenako mumakalumbira ku khonsolo. Mwina chimene chinkakuletsani kale ndi mantha otaya unzika wa kwanu. Lamulo lija linasintha. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri kwa Amalawi obadwa nawo. Imbani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London akuuzeni zoyenera kulembetsa, ndipo mukadzaganiza zotenganso wa Australia mtsogolo mudzawafunsenso kaye.

Chachiwiri ndi chovuta kuchikamba kwa munthu amene banja lake likuyenda bwino, koma ndikachisiya ndiye kuti ndakulakwirani. Kusamuka kumagwedeza ukwati. Nthawi zambiri mmodzi amakonda dziko latsopanolo, winayo n'kumangolira kwawo. Tsono pali pangano la mayiko la ku Hague la 1980 lokhudza kuzembetsa ana, ndipo Britain ndi Australia onse analisainira. Ana akangozolowera n'kukhazikika ku Australia, kumeneko ndiye kumawerengedwa kuti ndi kwawo pamaso pa lamulo, ngakhale anabadwira ku Leeds, ngakhale pasipoti yawo ndi ya Britain. Palibe chiwerengero cha miyezi chokhazikika. Banja likapita ndi cholinga chokakhala, ana n'kuyamba sukulu, zikhoza kutero m'miyezi yochepa. Kuyambira pamenepo kholo limodzi silingawatenge kubwerera nawo ku Britain popanda chilolezo cha kholo linalo kapena cha khoti la ku Australia. Ndaonapo amayi, azungu ndi akuda omwe, amene anabwera ndi ana "kudzaona agogo" n'kusankha kusabwerera, khoti la ku London n'kulamula kuti anawo abwezedwe. Mayiyo amatsala ndi zosankha ziwiri zowawa, kukhala m'dziko limene sakulifuna mpaka ana atakula, kapena kuwasiya.

Sindikunena kuti amuna anu ndi oipa. Lamuloli limagwiranso iwo chimodzimodzi, mwina mudzakhala inu wokonda ku Perth iwo akufuna kubwerera. N'chifukwa chake ndi nkhani yokambirana pano mukadali kumvana, ana atagona. Tikapita, wina n'kukanika kuzolowera, tidzatani? Tidziyese zaka zingati? Wina akati ndikubwerera, ana atsata ndani? Zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa loya wa nkhani za mabanja. Kalata imeneyo siimanga manja khoti, chifukwa khoti limayang'ana chokomera mwana pa nthawiyo, koma ndi umboni wa zimene munali kulinga, ndipo koposa zonse imakakamiza anthu awiri kuyang'anizana ndi funso limene ambiri amalizemba. Bungwe la Reunite International ku England limapereka uphungu pa nkhani imeneyi. Bambo akakana ngakhale kuikamba, chimenecho chikhale chizindikiro kwa inu choti muchepetse liwiro.

Tibwere ku viza. Mitundu ndi yambiri, koma funso lalikulu ndi limodzi: mukupita ngati okakhazikika kapena ngati aganyu? Viza nambala 482 ndi ya ntchito, imadalira kampani kapena chipatala chimene chakulembani. Imatuluka msanga, koma ntchito ikatha muli ndi masiku 180 opezera bwana wina woti akuimireni, apo ayi banja lonse lilongedze. Madera ena, monga New South Wales, amalipiritsa fizi ana a anthu a viza imeneyi ngakhale ku sukulu za boma. Ma viza 189, 190 ndi 186 ndi okhazikika, mumafika muli ndi ufulu wa chipatala cha boma kudzera mu Medicare, mutha kusintha ntchito mmene mwafunira, ndipo pakatha zaka 4 mutha kupempha unzika. Kwa banja la ana awiri ndi nyumba, ine ndimakonda okhazikikawa, ngakhale amachedwa.

Nthawi ilinso ndi mbali yake. Ma viza okhazikikawa amatsekera munthu akakwana zaka 45, ndipo a 189 ndi 190 amayendera mapointi, ochepetsetsa ndi 65. Wa zaka 33 mpaka 39 amapata 25 pa msinkhu, wa zaka 40 mpaka 44 amapata 15. Mwaona kodi? Loto ndi la amuna anu, koma pa pepala wamphamvu ndinu. Muli ndi zaka 38, ndinu nesi, ndipo bungwe lolembetsa azaumoyo ku Australia, AHPRA, linafewetsa njira mu 2025 kwa manesi amene agwira ntchito ku Britain. Ndikadakonda kuti wopempha wamkulu mukhale inu, bambo ndi ana alowe pa dzina lanu. Pasipoti ya Britain imathandizanso apa, popeza mwini wake safunsidwa umboni wa Chingerezi choyambira, ngakhale kuti wofuna mapointi oonjezera amalembabe mayeso. Ndiye kuti zaka 2 zikubwerazi ndi zofunika, koma n'zokwanira kuti unzika uyambe watuluka. Palibe chifukwa chodumphira sitepe imeneyo.

Pali kupimidwa kwa kuchipatala kumene ambiri sakuyembekezera. Aliyense m'banjamo amapimidwa ndi dokotala wosankhidwa ndi boma la Australia, akuluakulu amajambulidwa pachifuwa kufufuza TB, ndipo wa zaka 15 kupita m'tsogolo wopempha viza yokhazikika amayezedwa HIV. Boma limawerengera ndalama zimene matenda kapena ulumali wa munthu ungadzadye, ndipo mmodzi akapitirira mlingo, pa ma viza ena banja lonse limakanidwa. Ngati m'nyumba mwanu muli wodwala matenda okhalitsa, kapena mwana wofuna chithandizo chapadera kusukulu, funsani katswiri musanawononge ndalama iliyonse.

Amuna anu akonzekerenso kudzichepetsa. Ku Australia ntchito ya zamagetsi imafuna laisensi ya m'dera limene ukugwira, ndipo mapepala a ku Britain sakwanira okha. Luso lawo liyamba layesedwa kudzera ku Trades Recognition Australia, akafika apatsidwe chilolezo chongoyembekezera, achite maphunziro a malamulo a mawaya a kumeneko, ndipo agwire pansi pa munthu wina pafupifupi chaka asanalandire laisensi yonse. Ndinaona bambo wina amene anali ndi kampani yakeyake ku England, ali ndi anyamata atatu, akukasainitsa buku lake la ntchito kwa mnyamata wa zaka 26. Malipiro a chaka chimenecho amakhala otsika, ndipo ndi chaka chomwecho chimene ndalama zimatuluka kwambiri. Ndalama zambiri zimene mnzawo uja akuwauza mwina ndi za ku migodi ya ku Pilbara, kumpoto kwa Western Australia, kumene amuna amapita pa ndege n'kukakhala milungu iwiri, n'kubwera kunyumba mlungu umodzi. Dzifunseni bwino: nesi wa mashifiti a usiku, ana awiri, mwamuna ali ku mgodi, apongozi ali ku Leeds, mnyamata wa zaka 7 akadwala adzamusiyira ndani? Walira mvula walira matope.

Za nyumba ndiyankha mwachidule: musagulitse chaka choyamba. Pemphani banki yanu chilolezo choikamo alendi, lembetsani ku HMRC, bungwe la msonkho, ngati eni nyumba okhala kunja, ndipo pezani kampani yoyang'anira. Mukagulitsa, ndalamazo zimasungunuka ndi matikiti, kontena, galimoto ndi lendi, ndipo mukadzafuna kubwerera mudzapeza mitengo ya ku Leeds yakusiyani. Ku Perth nyumba za lendi zinasowa kwambiri m'zaka zapitazi, mpaka zopanda anthu zinatsika pansi pa 1 peresenti. Lendi amatchula ya pa mlungu, osati ya pa mwezi, ndiye mukaona nambala musasangalale msanga, ndipo polowa mumapereka chikole cha milungu 4. Medicare nayo si NHS. Madokotala ambiri amalipiritsa kenakake pamwamba, mano a akuluakulu mumalipira nokha, ndipo ku Western Australia ambulansi imatumiza bilu, n'chifukwa chake anthu amagula inshulansi yake.

Pali zinthu zina zimene zimaluma patapita zaka, munthu ataiwala. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka kwa okhala ku Britain, ku Ulaya ndi ku America, koma kwa okhala ku Australia, New Zealand, Canada ndi South Africa imauma pa mlingo umene unayambira. Amene anayamba kulandira yathunthu mu 2016 ali ku Perth akulandirabe £155.65 pa mlungu, pamene mnzake wa ku Leeds mu 2025 anafika pa £230.25. Kuti mulandire kalikonse pamafunika zaka 10 zolipira National Insurance, ndalama imene boma limadula pa malipiro, ndipo yathunthu imafuna 35. Onani zaka zanu pa webusaiti ya boma, n'kufunsa HMRC za kupitiriza kulipira muli kunja. Penshoni yanu ya NHS siitayika, imakudikirani. Ufulu wa chipatala chaulere ku Britain umayendera kumene munthu akukhala, osati pasipoti, choncho amuna anu asaganize kuti azidzabwera kudzachitidwa opaleshoni n'kubwerera. Ndipo mtsikana wanu akadzafuna yunivesite ya ku England, kuti alipire fizi ya ana a m'dziko ndi kulandira ngongole ya boma, ayenera kukhala atakhala ku Britain zaka 3 asanayambe. Ali ndi zaka 12. Werengerani nokha mmene zaka 6 zimathamangira.

Mwanayu ndi amene ndikumuganizira kwambiri. Wa zaka 7 adzapeza anzake mlungu woyamba ndipo pakatha chaka adzakhala akulankhula ngati wobadwira komweko. Wa zaka 12 wangoyamba sekondale, anzake ndiwo dziko lake lonse. Chaka cha sukulu ku Australia chimayamba kumapeto kwa January kapena kumayambiriro kwa February n'kutha mu December, ndiye konzani kuti akayambe limodzi ndi anzake, osati kulowa pakati. Mumuuze zoona msanga, ndipo mumulole kukwiya. Ngati mukupitadi, ndi bwino kupita asanakwane zaka 14, asanalowe m'zaka za mayeso a GCSE.

Ndisabise chinanso chimene bambo mwina sanachiganizire. Iwo akafika ku Joondalup kapena ku Mindarie, madera a kumpoto kwa Perth kumene kwadzaza a ku Britain, adzapeza anthu olankhula ngati iwo, mpira wa ku England pa kanema, ndipo chachikulu chimene adzakumane nacho ndi kusekedwa pa nkhani ya kiriketi. Inu mudzakhalanso Mwafirika watsopano, wofunsidwa kuti kwenikweni kwanu n'kuti. Ulendo wa £10 uja unali mbali ya ndondomeko yofuna azungu okhaokha, imene inathetsedwa mu 1973. Australia ya lero ndi ya mitundu yambiri, ndipo ku Perth kuli anthu ochuluka ochokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe, mipingo ya Afirika ilipo, ufa woyera umapezeka m'mashopu awo. Koma mpingo wanu wa ku Leeds, amayi anzanu a chipereganyu, ndi amene amakubweretserani usipa akabwera kumudzi, munawasonkhanitsa pa zaka 14. Kumeneko mudzayambira pa ziro, ndipo ana anu adzakhala m'kalasi imene mwina ofanana nawo khungu ndi ochepa. Funsani Amalawi amene ali ku Perth, makamaka amayi, akuuzeni zenizeni. Polongedza kontena dziwaninso kuti a pa doko kumeneko salola nthabwala pa zinthu za mtengo, mbewu ndi dothi. Mthiko, chipande, lichero, ziboliboli ndi mpando wa mfumu uja muzilembe pa fomu kuti azipime, nsapato muzitsuke pansi, nyemba ndi nsomba zouma musayese n'komwe kuzibisa.

Pa nkhani ya kumudzi, Perth si kutali monga ambiri amaganizira. Pali ndege yopita ku Johannesburg mosaima ya maola 11 kapena kucheperapo, kenako maola awiri ndi theka mwafika ku Lilongwe. Nthawi ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndiye mukaweruka madzulo ku Dedza kuli masana, foni imatheka. Amene mtunda udzawapweteke ndi amuna anu. Ndege ya Qantas yochoka ku London kupita ku Perth mosaima, imene inayamba mu 2018, imatenga maola 17, ndipo matikiti a anthu anayi nthawi ya Khrisimasi ndi ndalama ya galimoto. Mwa mabanja amene ndawaona akubwerera, ochuluka sanabwerere chifukwa cha ndalama kapena ntchito. Anabwerera chifukwa mayi anagwa m'bafa, kapena bambo anayamba kuiwala. Apongozi anu ali ndi zaka 74. Kuwatengera ku Australia n'kovuta, ma viza a makolo ndi okwera mtengo kwambiri ndipo ena amadikiritsa zaka zambirimbiri. Kumbukiraninso kuti mu March 2020 Australia inatseka malire ake, ndipo Western Australia inatsegula mu March 2022. Anthu anaonera maliro a makolo awo pa foni. Inu amene mukudziwa tanthauzo la kusapezeka pa maliro a kholo, afunseni bambo mofatsa: amayi akadwala, ndani adzakhale nawo? Pali achemwali kapena achimwene awo pafupi, ndipo avomera? Nkhaniyi apongozi aimve kwa mwana wawo, asaimvere kwa zidzukulu.

Kodi mukakana ndiye kuti mwatsekereza ana? Ayi. Ana amene ali ndi makolo awiri ogwira ntchito, nyumba yawoyawo ndi agogo pafupi sali pa umphawi wa mwayi. Ndipo akadzakula, achinyamata a ku Britain amaloledwa kukagwira ntchito ku Australia pa viza ya tchuthi mpaka zaka 35, adzatha kupita okha. Komanso mukavomera simunalakwe, bola mupite ndi pasipoti imene ingakubwezeni. Nthawi zina munthu akati dziko latha amakhala akunena kuti watopa ndi ntchito, kapena ali ndi nkhawa imene sakuitchula. Ngati bambo sakugona, akungokhala duu, kapena nkhaniyi yayamba kukusandutsani adani, onanani ndi mlangizi wa mabanja kapena dokotala wanu musanasankhe chilichonse chachikulu.

Pa za unzika wa Britain pitani kwa loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority. Pa viza ya Australia gwiritsani ntchito loya wa kumeneko kapena wothandiza wolembetsedwa ku OMARA, ofesi ya boma la Australia yolembetsa othandiza pa za viza, ndipo nambala yake muifufuze nokha pa webusaiti yawo. Wina aliyense wa pa Facebook kapena WhatsApp wolonjeza ntchito ndi viza mukangotumiza ndalama, mutalikirane naye.

Ndipo musanasaine chilichonse, pitani mukaone nonse anayi, koma osati ngati alendo odzapuma. Pitani mu January kapena February, pamene kutentha kumafika madigiri 40. Musagone ku hotela ya kunyanja, chitani lendi nyumba m'dera limene mungakwanitse kukhalamo. Mmawa wa Lolemba kwerani sitima yochoka ku Joondalup kupita mtauni pa nthawi imene mukadakhala mukuthamangira shifiti. Gulani zakudya za mlungu wonse ku Coles kapena ku Woolworths, n'kusunga risiti. Pemphani kuti mtsikana wanu aone sukulu imodzi kapena ziwiri. Loweruka pitani kumene akuonetsa nyumba ya lendi, muime pa mzere ndi anzanu ofuna nyumba yomweyo, ndipo muwawerenge. Madzulo ake bambo aimbire amayi awo, aone kuti ku Leeds ili nthawi yanji.